Kumene Mthunzi Umagulidwa

Banja la ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi likakhala pansi kukambirana za mwana amene akufuna kukagwira ntchito kunja, funso limene limafulumira kubwera ndi la malipiro. Azilandira zingati, ndipo m'makwacha zikukwana zingati? Ena amafunsako za pasipoti ndi mtengo wa tikiti. Koma mizinda imene achinyamata athu akuitchula masiku ano, monga Dubai, Doha, Muscat, Perth, Dallas ndi Houston, ili ndi zinthu ziwiri zimene sizilembedwa pa kalata ya ntchito. Imatentha koopsa miyezi ingapo pachaka, ndiponso ndi yotambalala moti munthu sangaiyende wapansi. Ine ndimaona kuti ziwirizi ndi zimene zimadya malipirowo, kudya thanzi la munthu, n'kudyanso ubale umene unkasunga makolo athu akapita kutali.

Ulendo wa kunja si wachilendo kwathu kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 British South Africa Company, imene inkalamulira dziko lino, inaika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, pamene kumudzi ndalamayo kunalibe. Malo aakulu a ku Fort Jameson, komwe ndi Chipata lero, ndi ku Petauke anali m'manja mwa North Charterland Exploration Company, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu ambiri anapanikizidwa m'madera ochepa amene azungu anawapatulira. Nthaka inaguga, msonkho osadikira. Amuna anauyamba wapansi kulowera kummwera, kudutsa dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi ku Tete kapena ku Feira, mpaka ku Halale, ku Bulawayo, m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Ena anatengedwa ndi chibalo cha Rhodesian Native Labour Bureau, bungwe la 1903, ndipo pambuyo pake kunabwera malole a Ulere onyamula anthu mosalipiritsa. Amene anapitirira ku Joni ambiri anapita paokha, pakuti Wenela, yolembera anthu ntchito za m'migodi ya kumeneko, m'dziko muno inkalemba anthu makamaka ku Barotseland, kufikira boma la Kenneth Kaunda linaitseka mu 1966. Pa 6 June 1972, mgodi wa malasha wa Wankie utaphulika n'kupha anthu oposa 400, a ku Zambia analipo 91.

Nthawi imeneyo inali yowawa ndithu: makomboni auve, malipiro ochepa, chikoti chili pafupi. Komabe m'komboni anthu a mudzi umodzi ankagona makomo oyandikana. Wobwera kumene ankafikira kwa mbale wake, n'kumadya naye nsima mpaka atalembedwa ntchito. M'migodi ndi m'malokesheni a Salisbury (Halale) monga Highfield ndi Mufakose, Achewa anatsegula madambwe, gule wamkulu n'kumatuluka pa maliro monga kwawo, ndipo anayambitsa magulu osonkherana ndalama zoikira m'manda. Zonsezi zinkatheka chifukwa anthu ankafikana ndi miyendo. Uthenga wa zovuta unkazungulira komboni yonse usiku umodzi, pofika m'mawa adzukulu ali kale kumanda ndi makasu.

Zotayika zinaliponso zambiri. Amuna ochuluka anachona, akazi awo n'kukalamba akulima okha kwa Kawaza ndi kwa Mbang'ombe. Mu 2001, Zimbabwe itasintha lamulo la unzika, ana ndi zidzukulu za anthu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, obadwira komweko, anapezeka akutchedwa alendo ndipo ambiri analandidwa mwayi wovota, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anayamba kukonza zimenezo.

Zimene zikuthamangitsa anthu lero sizisowa kufotokoza kwambiri, timazidziwa tonse. Mitengo ya soya, thonje ndi mpendadzuwa imakwera chaka chino n'kugwa chaka chamawa. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko, chinaumitsa chimanga m'minda chisanabereke. Pa chipatala cha St Francis, chimene chakhala chikuthandiza anthu kuyambira 1948, ndi m'makoleji ena a m'chigawo chino, mumatuluka anamwino chaka ndi chaka. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi antchito azaumoyo oposa 11,000 mu 2022, koma odikira ndi ambiribe. Mnyamata kapena mtsikana wa mapepala ake akamayang'ana kunja, sindimudzudzula.

Munthu wa ku Katete ukamuuza kuti ku Dubai kumatentha, amayankha kuti October timamudziwa. Zoona, timamudziwa, koma kutentha kwathu kuli ndi chifundo chimene sitichizindikira. Katete ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene wakwera. M'chilimwe mphepo yathu ndi youma, thukuta limauma msanga n'kuziziritsa khungu, ndipo usiku kumapola munthu n'kugona. Kuwonjezera apo, moyo wonse tinaukonza motsatira dzuwa. Kudimba timapita mbandakucha, masana tili pakhonde kapena pansi pa mango, madzi ali mumtsuko, thobwa lili m'chipanda, denga laudzu likupuma. Mwa zonsezi palibe chimene timalipira, ndipo palibe kapitawo amene amatiwerengera mphindi zimene takhala pamthunzi.

Amene anatsikapo msewu wa Chanida, kudutsa Cassacatiza mpaka ku Tete, amadziwa kuti kutentha kuli mitundumitundu. Tete ali m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 200, ndipo mu October ndi November madigiri amapitirira 40. Kuchokera 2011, pamene malasha a ku Moatize anayamba kukumbidwa mochuluka, mzindawu wakoka amalonda ndi ofuna ntchito a m'madera onse ozungulira. Tete ndi wamng'ono, anthu ake anali pafupifupi 300,000 pa kalembera wa 2017, ndipo Chinyungwe sichivuta kwa Mchewa. Koma wogona kumeneko m'nyumba yamalata amaphunzira msanga kuti khoma limene lamwa dzuwa tsiku lonse limalibweza usiku, ngati uvuni ya njerwa imene moto wazima koma sungaiyandikire.

Mizinda ikuluikulu imachulukitsa zimenezi. Phula, simenti ndi magalasi zimasunga kutentha, mitengo ndi yochepa, ndipo makina oziziritsa m'nyumba amatulutsira mpweya wotentha mumsewu. Ku Dubai, Doha ndi Muscat madigiri amafika 45 m'miyezi yotentha, ndipo chinyezi cha m'nyanja chimadzaza mpweya moti thukuta limangochucha osauma, thupi osazizira. Houston nayenso ndi wachinyezi. Phoenix, ku Arizona, ndi wouma, koma mu 2023 anakhala masiku 31 otsatizana madigiri akufika 43 kapena kuposa, ndipo pa 19 July usiku wonse sanatsike kupyola 36. Chaka chimenecho m'boma la Maricopa, momwe muli Phoenix, anthu 645 anafa ndi kutentha. Ambiri anali osowa pokhala. Mwa amene anafera m'nyumba, ochuluka anali ndi eyakoni yowonongeka kapena yozimitsa. Madokotala kumeneko amathandiza anthu amene apsa khungu chifukwa chongogwera pa phula masana. Izi zikuchitika m'dziko lolemera kwambiri padziko lapansi, ndipo zikusonyeza kuti m'mizinda yotereyi kuzizira ndi katundu wogula. Bilu ya magetsi ya miyezi yotentha ili m'gulu limodzi ndi chakudya, sungaidumphe mwezi umodzi kuti utumize ndalama za feteleza.

Thupi limazolowera, koma limafuna sabata imodzi kapena awiri. M'masiku amenewo madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba kutuluka msanga ndipo limataya mchere wochepa. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha antchito, OSHA, limachenjeza kuti ambiri mwa amene amafa ndi kutentha pa ntchito zapanja amafa m'masiku oyambirira enieni. Taganizani tsono za mnyamata amene wanyamuka ku Sinda mu June, kumene m'mawa anthu akuwotha moto, n'kutsika ndege ku Doha, mawa lake ali pa ntchito. Zizindikiro zimayamba pang'onopang'ono: mutu, chizungulire, kukokana kwa minofu, mkodzo wochepa wofiirira. Munthu akayamba kulankhula zosokonekera kapena kudzandira, thupi lafika madigiri 40 ndipo ubongo uli pangozi. Ameneyo ngofunika kumuthira madzi ozizira thupi lonse nthawi yomweyo, ambulansi ikubwera. Palinso kuwonongeka kosaonekera. Madokotala a ku Nepal akhala akunena za anyamata obwerera kuchokera ku maiko a Aluya impso zitafa, ofunika makina osefera magazi moyo wawo wonse. Amene ali ndi shuga kapena amamwa mankhwala a BP ayenera kukambirana ndi dokotala asananyamuke.

Chovuta n'chakuti ntchito zimene mlendo amayamba nazo ndi zapadzuwa: kumanga, ulonda wa pageti, kuperekera katundu pa njinga yamoto, kutsuka magalimoto. Maboma a kumeneko amadziwa. Ku United Arab Emirates lamulo limaletsa ntchito zapanja kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 June kufika pa 15 September. Ku Qatar, kuyambira 2021, chiletso chimayamba 10 koloko m'mawa mpaka 3:30, kuchokera pa 1 June. Malamulowa ndi abwino ndipo wopita kumeneko awadziwe. Koma munthu amene atsibweni ake anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti akwere ndege sadandaula msanga. Amaopa kubwezedwa chimanjamanja, choncho amalimbikira mutu ukuwawa. Ngongole ya kumudzi imamuimika padzuwa kuposa kapitawo.

Tsopano za kukula kwa mizindayi. Ku Katete munthu atha kuchoka ku Stores, kukafika ku Boma, kudzera kumsika, kukaona wodwala ku St Francis, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo pa njinga yakapalasa. Perth, kumadzulo kwa Australia, kumene kuli anthu ambiri a ku Zambia, ali ndi anthu oposa 2 miliyoni okha koma wayala m'mbali mwa nyanja makilomita pafupifupi 150, kuposa mtunda wochoka ku Sinda kukafika ku Chipata. Dallas ndi Fort Worth, mizinda yotalikirana makilomita 50, inalumikizana n'kukhala chimzinda chimodzi cha anthu pafupifupi 8 miliyoni. Mizinda yotereyi inakula galimoto itabwera kale, ndiye anaimanga moganizira woyendetsa: nyumba kwaokha, masitolo kwaokha, mafakitale kwaokha, pakati pake misewu ikuluikulu yosawolokeka. Arlington, mzinda wa anthu pafupifupi 400,000 pakati pa Dallas ndi Fort Worth, ulibe n'komwe mabasi oyenda m'njira zoikika.

Kumeneko galimoto si chizindikiro cha kulemera, ndi miyendo. Achibale akaona chithunzi pa Facebook mwana wawo atatsamira galimoto amati zayenda, osadziwa kuti ndi yangongole, ndipo pamwamba pake pali inshuwalansi, mafuta ndi laisensi ya kumeneko, imene ku America ndi ku maiko a Aluya imafuna kuphunziranso kuyendetsa kumanja kwa msewu. Wopanda galimoto ndiye amakumana ndi kutentha ndi mtunda nthawi imodzi. Nyumba zotchipa zili kunja kwa mzinda, ntchito ili mbali ina, basi imabwera patapita nthawi, ndipo mphindi 20 zoyenda wapansi kupita pa siteji madigiri ali 42 n'zokwanira kumudwalitsa munthu. Ku Dubai kuli sitima yamakono kuyambira 2009, ndipo masiteji ena a basi ali ndi eyakoni, koma antchito wamba ambiri amagonekedwa ku Sonapur ndi Al Quoz, kapena amachita lendi ku Sharjah, n'kumathera maola mumsewu m'mawa ndi madzulo. Maola amenewo salipidwa, ndipo amadulidwa ku tulo.

Joni, kumene anthu athu ambiri amapitabe pa basi kudzera ku Chirundu kapena ku Tete ndi Nyamapanda mpaka Beitbridge, satentha kwenikweni. Johannesburg ali pa mamita pafupifupi 1,750, pamwamba kuposa Katete. Pretoria ndiye wotenthako. Koma pa za mtunda, Gauteng, chigawo cha anthu oposa 15 miliyoni pa kalembera wa 2022, ndi chitsanzo chowawa, chifukwa boma la tsankho linachita dala kuika anthu akuda kutali ndi ntchito. Wokhala ku Orange Farm kapena ku Diepsloot amakwera mataxi awiri kapena atatu kuti akafike kuntchito. Pothawa ndalama zoyendera, ena amakapanikizana m'nyumba zosiyidwa za pakati pa mzinda. Pa 31 August 2023 imodzi mwa nyumba zotero, Usindiso ku Marshalltown, inapsa usiku n'kupha anthu 76, ena mwa iwo a ku Malawi, olankhula chinenero chathu chomwechi. Zipolowe zothamangitsa alendo, monga za May 2008 zimene zinapha anthu 62, zimayambiranso m'madera osauka omwewo amene mlendo angakwanitse lendi yake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mtunda umamwaza anthu. Ku Perth kapena ku Dallas anthu awiri a kwa Kathumba atha kukhala mumzinda umodzi chaka chathunthu osaonana, wina akugwira usiku, wina masana, pakati pawo ola lathunthu pa galimoto. Miyezi yotentha aliyense amadzitsekera m'nyumba, mumsewu mulibe womupatsa moni. Mayi akachira, palibe apongozi kapena azakhali omuphikira phala m'chikuta, ndipo woyang'anira mwana amalipidwa pa ola. Ana amakulira m'galimoto ndi m'nyumba, Chichewa n'kumachimva kwa makolo awo okha. Mipingo ndi magulu a WhatsApp a anthu a ku Zambia amathandiza kwambiri, ndipo wofika kumene awafunefune sabata yoyamba. Koma kukumana kumene m'komboni ya ku Wankie kunkangochitika kokha, kuno kumafuna kupangana tsiku, mafuta a galimoto ndi chilolezo cha kuntchito.

Ife a m'malire tilinso ndi chizolowezi chimene chingatipusitse. Wa ku Vubwi amapita ku maliro ku Malawi kapena ku Mozambique n'kubwerako madzulo. Loweruka lomaliza la August, Achewa a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi ngati anthu a mudzi umodzi. Tinakula tikuona malire ngati chinthu chopepuka. Kutsidya kwa nyanja pepala ndiye munthu. Ku maiko ambiri a Aluya chiphaso chokhalira m'dziko chimamangirizidwa kwa bwana amene anakuitana, ndipo ngakhale Qatar ndi maiko ena afewetsako malamulo, antchito a m'nyumba akadali pangozi yaikulu. Mu 2024 BBC Africa Eye inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anapulumutsidwa ku Oman, kumene anapita atalonjezedwa ntchito zabwino n'kukapezeka atsekeredwa m'nyumba za eni, mapasipoti atalandidwa. Ngakhale dzina la Mulungu lagwiritsidwapo ntchito. Mu 1998 bungwe la TTT: Partners in Education linatenga anyamata oimba kwaya a ku Kalingalinga ku Lusaka kupita nawo ku Texas, litawalonjeza sukulu ndi malipiro. Anaimbitsidwa m'matchalitchi ndi m'masukulu osaona zimene analonjezedwazo, mpaka boma la America linalowererapo. Mmodzi wa iwo, Given Kachepa, amene anapita ali ndi zaka 11, anadzaphunzira n'kukhala dokotala wa mano ku Dallas komweko, ndipo wakhala akulankhula poyera za malonda ogulitsa anthu.

Njira zodzitetezera zilipo, ndipo sizifuna maphunziro apamwamba. Lamulo la ntchito la Zambia la 2019 limafuna kuti kampani yopezera anthu ntchito ikhale ndi chilolezo cha Labour Commissioner, choncho wina angathe kukafunsa ku ofesi ya zantchito asanapereke ngwee. Ku United Arab Emirates lamulo limaletsa kulipiritsa wantchito ndalama zomulembera, limaletsanso bwana kusunga pasipoti yake. Ejenti amene akufuna ndalama zambiri patsogolo, kapena akuti mupite ndi viza ya alendo zinazo zikakonzedwa mukafika, wadziulula yekha. Kontrakiti iwerengedwe kuno, ndipo inene za pogona, eyakoni, basi ya kuntchito, chipatala ndi tikiti yobwerera. Anamwino adziwe kuti mu 2023 WHO inaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi antchito azaumoyo ochepa moti maiko ena sayenera kubwera kudzawakopa. Munthu payekha saletsedwa kufunsira ntchito, koma njira yake ndi yaitali: mayeso a Chingerezi, kalata za Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo ku America mayeso a NCLEX.

Kodi tsono anthu asapite? Ine sindikutero. Namwino, mmisiri wa magetsi, wowotcherera zitsulo kapena dalaivala wa magalimoto akuluakulu amene ali ndi mapepala oona, ntchito yodziwika, ndi munthu womulandira amene amakhala dera lomwelo la mzindawo, atha kumanga nyumba, kuphunzitsa azing'ono ake, n'kubwera ndi luso. Kuyambira 2016 malamulo a Zambia amalola unzika wa maiko awiri, ndiye kutenga pasipoti ya kwina sikumudulanso munthu kwawo monga kale. Amene ndimamuopera ndi wopanda luso lapadera, wopita ndi ngongole, kuntchito yapanja, m'mwezi wotentha, kumene sadziwa aliyense. Ameneyo akachotsa lendi, magetsi, zoyendera ndi ndalama za ejenti, zotsala zitha kuchepa kuposa zimene dimba la tomato ndi anyezi la m'mbali mwa Great East Road likanamupatsa, impso zake zili bwinobwino. Amene ali ndi mwayi wosankha mwezi, afike ku Dubai kapena ku Texas pakati pa November ndi February, ku Perth pakati pa May ndi August, kuti thupi likumane ndi kutentha pang'onopang'ono.

Mbali yotsala ndi ya ife otsala kumudzi. Miyezi yoyambirira wapaulendo amakhala akulipira chikole cha nyumba, kugula zogonera, kufunafuna galimoto, ndipo foni iliyonse yopempha ndalama imamukankhira ku shifiti yachiwiri. Banja ligwirizane asananyamuke kuti kwa miyezi ingapo silimupempha kanthu, ndiponso kuti akabwerera wopanda kalikonse chifukwa ntchito inali yankhanza, adzalandiridwa popanda mawu. Ligwirizanenso za chimene sitikonda kuchitchula. Kubweretsa mtembo pa ndege kumafuna kuukonza kuti usawonongeke, bokosi lomata bwino, mapepala a ofesi ya kazembe, ulendo wofika pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka, kenako makilomita pafupifupi 500 a msewu kudzafika ku Katete, ndipo ku Vubwi n'kopitirira apo. Ndalama zake n'zoti banja wamba silingazipeze m'sabata imodzi. Wopitayo alowe gulu losonkherana za maliro kapena atenge inshuwalansi mwezi woyamba, ndipo anene yekha ngati akufuna kudzagona kwawo kapena komweko. Mwanayo sangaiyambe yekha nkhani imeneyi pamaso pa amayi ake, choncho aiyambe ndi atsibweni, tikiti isanagulidwe.